Luso la Makaniko wa ku Makanjira

Galimoto zakale zoyenda pamsewu wa Mangochi–Makanjira, kudzera ku Malindi ndi Lungwena, zimavutika ndi fumbi, mchenga komanso kutentha kwa kunyanja. Injini ikawira, makaniko waluso sathamangira kumasula. Amadikira izizire, chifukwa chotsekera radiyeta chikatsegulidwa injini ili yamoto, madzi amathovoka n'kuwotcha munthu. Akatero amaona ngati madzi akudontha, ngati fanibeluti yakhwepa, ndiponso ngati matope atseka radiyeta. Akailizanso amagwira mapaipi awiri a radiyeta: lapamwamba likatentha kwambiri lapansi lili lozizira, madzi sakuzungulira, ndipo amakayikira thermostat kapena radiyeta yotsekeka mkati.

Kunjenjemera kwa injini galimoto itaima amakufufuza ndi khutu. Amazula waya wa pulagi mmodzimmodzi. Pomwe kulira sikunasinthe, silinda imeneyo sikugwira ntchito. Nthawi zambiri vuto limakhala pulagi yakuda kapena kabuleta yodzaza fumbi.

Luso lenileni limaonekera mavuto awiriwa akabwera pamodzi. Thovu mu radiyeta, utsi woyera kumbuyo, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka zimamuuza kuti gasiketi yapsa, ndipo amaletsa dalaivala kupitiriza ulendo injini isanawonongekeretu.