Angelo ozokotedwa pa galasi ku Coventry

Usiku wa pa 14 November 1940 ndege zankhondo za ku Germany zinaponya mabomba mumzinda wa Coventry ku England, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Michael chinapsa. Kutacha panatsala makoma akunja ndi nsanja basi. Mabwinjawo sanawagumule. Tchalitchi chatsopano, chimene mapulani ake anajambula Basil Spence, anachimanga pambali pomwepo n'kuchidalitsa pa 25 May 1962. Koma pamene nyumba ziwirizi zikumanirana, paikidwe chiyani? Khoma la miyala likanabisa mabwinja aja, ndipo kusiya pululu mvula ndi chisanu sizikanalola. Spence anasankha khoma la galasi lokhalokha kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo ntchito yolizokota anaipereka kwa John Hutton, mmisiri wobadwira ku New Zealand mu 1906. Awiriwa anadziwana kunkhondo, komwe ntchito yawo inali yobisa zida ndi misasa ya asilikali kuti adani asazione.

Khoma la galasili ndi chotchinga, ndipo zotchinga m'matchalitchi a ku England n'zakalekale. Ankaika chotchinga cha matabwa kapena cha miyala pakati pa malo a mpingo ndi malo a ansembe, pamwamba pake n'kuimikapo mtanda, ndipo anthu ankaona za kuguwa kudzera m'mipata, monga umaonera za kuseri kwa mpanda wabango. Mu Coventry momwemo, m'chaka cha 1862, Francis Skidmore anasula chotchinga chachitsulo ndi mkuwa cholemera matani 8 cha tchalitchi chachikulu cha Hereford. Mu 1967 anachichotsa, ndipo lero chili ku Victoria and Albert Museum ku London. N'chokongola zedi, koma maso akafika pa icho amathera pomwepo. Cha Hutton maso amachiboola n'kupitirira, ndipo luso lake lonse lagona pa kuwaimitsa pang'ono asanapitirire.

Pa galasilo pali zithunzi 66, chilichonse chachitali kuposa munthu. Palibe utoto ngakhale dontho. Chimene mukuona ngati choyera ndi malo amene galasi analipala mpaka linasiya kuonekera bwino, n'kuyamba kugwira kuwala. Apa m'pamene panali vuto. Mwa chizolowezi, wozokota galasi amakhala pansi, kagudumu kamkuwa kakuzungulira pamalo amodzi, iye n'kumatembenuza kapu kapena mbale pansi pake. Nanga galasi lotalika kuposa chitseko mungalitembenuze bwanji m'manja? Hutton anasintha zinthu: galasi likhale chiimire, gudumu ndilo liyende. Anamangirira mwala wonolera kunsonga ya chingwe chopindika chozunguzidwa ndi kainjini kamagetsi, n'kumaugwira m'manja ngati cholembera cholemera. Ankayamba wajambula chithunzi chonse ndi choko choyera pa pepala lakuda, chifukwa pa galasi zinthu zimayenda motero: chimene wagwira chimayera, chimene wasiya chimakhala mdima.

Yandikirani galasi limodzi muone. Pa nkhope ya mngelo, pamphumi ndi pa fupa la tsaya, mwala unalowa kwambiri ndipo pamaoneka mbee ngati ufa woyera. Kutsika m'khosi kupalako kumapepuka, kumasanduka timizere tothithikana ngati mapazi a nkhuku pa dothi lonyowa, kenaka n'kuzimiririka m'galasi losakhudzidwa, moti simungaloze pamene thupi lathera. Mapiko sanawajambule nthenga imodziimodzi. Ndi mikwasa yaitali yothamanga, ina yodutsana, yoonetsa kuti dzanja linkayenda ndi phewa lonse. Chimandigwira mtima n'chakuti pa ntchito imeneyi palibe chofufutira. Wopenta akalakwitsa amapakanso, woumba amakandanso dongo. Wopala galasi akapitiriza muyeso sangabwezere chimene wachotsa, ndipo akakhalitsa pamodzi galasi limatentha n'kung'aluka. Komabe mizere ya Hutton ilibe mantha. Munthu anagwira ntchito yotere pafupifupi zaka 10, dzanja lake osauma.

Zithunzizo anaziyala m'mizere yosinthana. Mzere wina ndi wa oyera mtima: makolo ndi aneneri a Chipangano Chakale, atumwi, Mariya atanyamula mwana, ndi oyera a ku Britain komweko. Iwowa aima njo, aliyense m'galasi lake, ngati anthu odikira kuitanidwa. Mzere wotsatira ndi wa angelo, ndipo amenewa sadziwa kukhazikika. Akuuluka chopendama, akuliza malipenga, mapiko ndi mapazi zikudumphira m'galasi loyandikana nalo ngati zitsulo zogwira magalasiwo kulibe. Kusinthanaku n'kumene kumapatsa khoma lonse mpweya. Akanaima onse likanauma, akanauluka onse maso akanasowa popumira.

Alipo amene amakhumudwa ndi maonekedwe a anthuwa. Ndi owonda, masaya olowa, maso akuya, zala zazitali zamafupa. Si angelo onenepa aja a pa makhadi a Khirisimasi. Ine ndimaona kuti Hutton analondola. Angelo amenewa akuyang'anizana ndi tchalitchi chimene chinapsa usiku umene anthu mazanamazana a mumzindamo anafa. Nkhope yosalala pamalo potere ikanakhala bodza.

Khomali amalitcha la kumadzulo potsata mwambo wa matchalitchi, koma kunena zoona linayang'ana kummwera, pakuti tchalitchi chatsopanocho chinagona mopingasa ndi chakale. Mukaima mkati masana n'kucheukira kukhomo, mabwinja ofiirira aja amaonekera kupyola m'matupi a oyera mtima: zenera lopanda galasi la tchalitchi chakale limadutsa pachifuwa cha mtumwi, mtambo umayenda m'phiko la mngelo. Mukasuntha phazi limodzi, nkhope imene inali yowala imazilala pa thambo loyera, ina n'kutulukira pamene kumbuyo kwake kuli khoma lakuda. Mukatuluka n'kuima pakhonde, zimatembenuka. Galasi limabweza chithunzi cha mabwinja ali kumbuyo kwanu, ndipo mkati, kutali kuseri kwa angelo, mumaona chinsalu chachikulu cholukidwa cha Graham Sutherland, chosonyeza Khristu mu ulemerero pamwamba pa guwa. Hutton ankadziwa kuti kumbuyo kwa zithunzi zake kudzakhala kukusintha ola lililonse, n'chifukwa chake anasiya galasi lambiri losapala.

Mu January 2020 akuba anathyola tchalitchichi usiku, ndipo polowa anaswa galasi limodzi la m'munsi, la mngelo wonyamula Uthenga Wabwino wosatha. Linasweka zidutswazidutswa. Akuluakulu a tchalitchi sanafune kuti wina akopere dzanja la Hutton, m'malo mwake anaitana amisiri ena kuti aziika ntchito zawo zosakhalitsa pampatapo. Hutton mwiniyo anamwalira mu 1978, ndipo phulusa lake analiika pansi pa mwala patsinde pa khoma lomweli, pamene anthu amadutsa polowa.