Chibale ndi fupa, koma kodi chimapeka nyimbo yatsopano? Za Ma Blacks

Ulendo womaliza umene ndinaonera Ma Blacks kunali ku Nchalo, mwezi wa Okutobala, nthawi ija dzuwa la kuno ku Chigwa limalowa koma kutentha n'kutsalira. Shoo inayamba mochedwa. Pamene Anjiru Fumulani amagwira maiki, malaya a tonse anali atanyowa kalekale. Pafupi ndi ine panaima bambo wina wodula nzimbe, wachikulire ndithu, ali ndi mwana wake wazaka ngati 19. Nyimbo iliyonse amaimba onse awiri, osaphonya liwu ngakhale limodzi. Mnyamatayo anabadwa Evison Matafale atagona kale m'manda.

Pobwerera pa kabaza ndinkangodzifunsa kuti, gulu limene mtsogoleri wake anamwalira litangoyamba kumene, lakhala bwanji zaka zoposa 20 likudzaza maholo kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga? Yankho langa ndi chibale. Koma musafulumire kuwomba m'manja, chifukwa chibale chomwecho ndi chimene ndabwera kudzadandaula nacho.

Tiyambe ndi kumene anachokera. Mudzi wa Singano ku Chileka si mudzi wamba pa nkhani ya zoimba, ndipo abale kuimbira limodzi sikunayambe ndi Ma Blacks. Kumeneko n'kumene kunachokera Daniel ndi Donald Kachamba, mkulu ndi mng'ono wake, amene gitala ndi chitoliro chawo zinakopa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967, mpaka nyimbo zawo zinakamveka ku Ulaya. Ku Chileka komweko kunalinso Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River, limene makolo athu ankalimvera pa MBC nthawi imene wayilesi inali imodzi yokha dziko lonse. Musamude, Anjiru ndi Chizondi ndi ana a Robert ameneyo. Gitala anaipeza m'nyumba ngati mmene ena tinapezera khasu.

Matafale anali m'bale wawo. Chimbale chake choyamba, Kuimba 1, anajambula ndi Wailing Brothers, gulu la abale enanso a kwa Chokani, ndipo pofika 2000 panalibe minibasi yopanda kaseti imeneyo. Kuimba 2 anajambula ndi gulu limene anayambitsa pamodzi ndi anyamata a kwa Fumulani, The Black Missionaries. Kenako mu 2001 apolisi anamumanga chifukwa cha kalata yodzudzula boma la nthawi imeneyo, la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 Novembala chaka chomwecho anamwalira ali m'manja mwawo.

Gulu lina likanathera pomwepo. Tikudziwa mmene zimakhalira: mwini dzina akapita, woimba ng'oma amapita ku gulu la tchalitchi, wa gitala amakwera basi ya ku Joni, zida n'kumazilimbirana. Koma awa sakanatha kubalalika, chifukwa pochoka kumanda onse ankabwerera pa bwalo limodzi. Musamude anatenga maiki, natulutsa Kuimba 3. Dzina la chimbale sanasinthe. Anangowonjezera nambala, ngati munthu amene akupitiriza kumanga nyumba imene mkulu wake anaisiyira pa windo. Mu 2007 Musamude naye anamwalira. Chaka chotsatira anatsatira Gift Fumulani, m'bale wawo amene ankayenda nawo m'mashoo. Maiki inagwera Anjiru, ndipo nambala inapitirira mpaka kudutsa 10.

Ndiye tikamakamba za kukwera kwa Ma Blacks tisamaiwale kuti makwerero ake anali maliro atatu. Anthu sankangogula nyimbo. Ankagulanso nkhani ya banja limene imfa ikulizula koma osaleka kuimba, ndipo m'Malawi muno, makamaka zaka zimenezo, ndi banja liti limene silinadzione mu nkhani imeneyo? Mpaka lero mwezi wa Novembala anthu amakhamukira ku Chileka ku chikumbutso cha Matafale, ngati kuti womwalirayo anali wa pakhomo pawo.

Koma chisoni chokha sichivinitsa munthu mpaka mbandakucha. Pali kanthu mu kaimbidwe kawo, ndipo ndikufuna tikamvetsere bwino.

Choyamba ndi mawu. Anthu obadwa m'nyumba imodzi amatchula mawu mofanana, amapuma malo ofanana, amakoka chilembo chomaliza mofanana. Akamapolokezana simumva pamene wina wathera ndi pamene wina wayambira. Ichi n'chimene chinapangitsa a Bee Gees kapena a Jackson 5 kumveka ngati munthu mmodzi wa makosi angapo, ndipo ndi chomwechonso mukamvera Anjiru ndi Chizondi pa kolasi. Zimenezi simungaphunzire pa mapulakatisi a Loweruka lokha.

Chachiwiri ndi kiyibodi ya Chizondi. Rege ya ku Jamaica imaika bezi patsogolo, yolemera, yoopsa. Ya ku Chileka bezi ilipo, ndipo Peter Amidu amaigwira mosatekeseka, koma chimene chimakugwira mtima ndi kiyibodi ija yoyenda pamwamba, yomveka ngati limba la m'tchalitchi cha kumudzi. Ndi chifukwa chake mayi wa Mvano amene safuna kumva za marasta amatha kung'ung'udza nyimbo ya Ma Blacks akusinja. Anatenga rege, nyimbo ya anthu opanduka, n'kuiveka zovala za pa Sabata. Apa m'pamene inasiyira kukhala ya marasta okha n'kukhala nyimbo ya aliyense: pa ukwati, mu shabini, mu saluni, pa foni ya wakabaza.

Chachitatu ndi msewu. Matafale anatchuka nthawi ya makaseti, pamene woimba ankatengera nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe n'kulandira kenakake. Msika umenewo unafa. Kunabwera anyamata a makompyuta pa msika, odzaza memori khadi yonse pa mtengo wa fanta, woimba osaonapo ngakhale tambala. Oimba ambiri a nthawi imeneyo anazimirira pomwepo. Ma Blacks anapulumuka chifukwa chuma chawo chinali pa geti: Lachisanu uku, Loweruka uko, Lamulungu kwina, chaka ndi chaka. Anyamata a masiku ano ambiri amaimba ku Blantyre ndi ku Lilongwe basi, kuno timangowaonera pa TikTok. Ma Blacks amatsika Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, n'kudzatiimbira ndi zida zenizeni kutentha kuli pa 40. Moyo wotere, wogona m'galimoto ndi kugawana ndalama zochepa usiku, umafuna anthu amene akakangana sangathawane. Umafuna abale. Ngakhale Anthony Makondetsa, amene ali ndi zimbale zakezake, wakhala akuyenda nawo zaka zonsezi, ndipo nayenso ndi wa m'banjamo.

Tsopano mundikhululukire, mafani anzanga, ndinene mbali inayo.

Tengani nyimbo zisanu za m'zimbale zam'mbuyomu, muzisakanize, mupatse mnzanu kuti anene kuti iyi ili mu Kuimba chakuti. Alephera. Liwiro ndi lomwelo, kalowedwe ka kiyibodi n'komweko, malo amene ng'oma imagubuduzika ndi omwewo. Nyimbo ikangoyamba umadziwa kale pamene ikathere. Ena amati ndiye sitayilo imeneyo, nsima sitopetsa. Ndikumva. Koma nsima imakoma chifukwa ndiwo zimasintha.

Ndipo chimene chasowa kwambiri ndi mano. Mverani "Watsetsereka" kapena "Olakwa Ndani". Mawu a Matafale anali ndi minga, ankaimba ngati munthu amene nthawi yamuthera ndipo ayenera kunena zonse lero. Unkatha kusagwirizana naye, koma sunkatha kumumvera uku ukucheza. Musamude anali wofatsa, komabe chilonda chinkamveka kuti n'chachiwisi. Zimbale za pambuyo pake zadzaza ndi chikondi, malangizo a m'banja, anthu amiseche ndi kuyamika Mulungu. Si zoipa. "Dalo" ndi nyimbo yabwino, ndaivinapo ndipo ndidzaivinanso. Koma dziko limene gulu ili likuimbamo ladutsa mu Cashgate ya 2013, mu zionetsero za 2019, mu mizere ya mafuta, mu namondwe Freddy wa 2023 amene anapha anthu mazanamazana ku Blantyre komwe iwo amakhala, madzi ake n'kudzatsirizira kuno. Gulu lotchedwa amishonale lili ndi uthenga wanji pa zimenezi umene tingaukumbukire zaka 20 zikubwerazi, ngati mmene tikukumbukirira wa Matafale?

Sindikuwaweruza mopepuka. Amene anaona m'bale wake akutengedwa ndi apolisi n'kubwerako m'bokosi ali ndi chifukwa chosankhira mawu mosamala, ndipo ine wolemba pa foni ndili pa mthunzi sindingamuphunzitse kulimba mtima. Koma ndikuganiza kuti vuto si mantha okha. Vuto ndi cholowa. Ukamaimba pansi pa dzina la malemu, kusintha kulikonse kumaoneka ngati kunyoza manda. Nambala ija ya Kuimba, imene inawapulumutsa mu 2001, inasanduka lonjezo kwa anthu kuti chimbale chilichonse chidzafanana ndi chapitacho. Mu gulu la anthu ongopezana, wina akatopa amamenya tebulo, gulu limasweka kapena limasintha. A Gallagher a Oasis ndi abale, koma iwo anasankha kumenya tebulo mu 2009 n'kukhala zaka zoposa 15 osaimbira limodzi. Kwathu kuno mng'ono satsutsa mkulu pa gulu, ndipo onse awiri satsutsa womwalira. Mtendere umakhalapo, koma nyimbo imaima malo amodzi. Pamene Takudziwani ndi Paul Chokani anachoka kukadzutsa Wailing Brothers, ndinayembekeza kuti mbali zonse ziwiri zituluka ndi kamvekedwe kena. Ine khutu langa linamva mitsinje iwiri ya madzi amodzi.

Chonsecho chibale sichiletsa kuyesa zatsopano. A Morgan Heritage, ana a Denroy Morgan, anasakaniza rege ndi zina zambiri osataya mizu, ndipo mu 2016 anapata Grammy ndi chimbale cha Strictly Roots. Ngakhale pa Singano pomwepo, a Kachamba sanangokopera kwela ya ku South Africa, anaipinda mpaka inayankhula Chichewa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ife a m'mbali mwa Shire mwambi umenewu timaudziwa bwino.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa kwathu kufupi ndi Ngabu tinali nako kagulu kathu. Achimwene anga awiri ndi msuweni wathu anagula kiyibodi yakale ndi ndalama za thonje, n'kumaimba m'maukwati. Mkangano wawo unali umodzi tsiku lililonse. Aakulu ankati tiziimba za Ma Blacks, ndi zimene anthu amaponyera ndalama. Achiwiri ankafuna kuika kagundidwe ka ulimba pa kiyibodi n'kumaimba m'Chisena. Woweruza anali amayi, ndipo chigamulo chawo chinali chimodzimodzi nthawi zonse: "Mverani akulu anu." Kagulu sikanasweke ndi ndewu. Kanangokhala kakuimba nyimbo za eni, bwino ndithu, mpaka madzi osefukira a 2015 atatenga mbewu, kiyibodi inagulitsidwa kuti tigule chimanga. Nyimbo za achimwene achiwiri zija palibe inajambulidwa. Ndimaikumbukira imodzi yokha, theka.

Ndiye ndikamadandaula za Ma Blacks ndikudandaulanso za ife. Chigwa chino si chosauka pa nyimbo. "Chinafuna M'bale" ya Lucky Stars mpaka lero ikalira anthu amadzuka. Malemu Joseph Tembo anaonetsa ndi "Dimingu" kuti Chisena chimavinitsa dziko lonse. Agorosso akugwirabe gitala mwa njira imene simungaisokoneze ndi ya wina. Tili ndi ulimba, utse, chikuzire. Koma lowani pa malo alionse pamene anyamata a pachibale akuphunzira zida ku Dyeratu kapena ku Bangula, mumva rege ya ku Chileka, kiyibodi yake yomweyo, ngakhale kapumidwe ka Anjiru. Atengera kamvekedwe, asiya phunziro. Phunziro la Singano si lakuti imbani rege. Ndi lakuti imbani chimene munachipeza m'nyumba mwanu, gwiranani manja, ndipo yendani msewu mpaka dziko lizolowere.

Kodi ndikuti Ma Blacks atha? Ayi ndithu. Pa siteji palibe gulu m'dziko muno limene ndingalikhulupirire kuposa iwo kuti ndalama yanga ya pa geti siipita pachabe. Anasunga dzina, anadyetsa mabanja, analera oimba ena, anatipatsa nyimbo zokwatira nazo ndi zolira nazo. Ngongole ya malemu anabweza kale, ndi chiwongoladzanja chomwe. Chimene ndikupempha n'chakuti tsiku lina atulutse chimbale chopanda nambala. Chikhale ndi dzina lakelake, chilakwitse pena, mafani ena akwiye. Ndikufuna ndidzamve chimene Anjiru ndi Chizondi angaimbe atakhala kuti sakuyang'aniridwa ndi zithunzi za pa khoma.

Akadzabweranso ku Nchalo ndidzakhala kutsogolo ngati kale, thukuta lili kamukamu, ndikuimba nawo liwu ndi liwu. Ndipo ndidzatenga achimwene achiwiri aja. Pobwerera ndidzawakakamiza andiimbire theka lina la nyimbo yawo ija, ndiijambule pa foni isanatayike.