Ndemanga ya buku: Hush, la Mack Hagood

Munthu akafuna kugula mahedifoni ochotsa phokoso amafunsa za mtengo, za batire, komanso ngati sapweteketsa makutu akavalidwa tsiku lonse. Buku la Hush: Media and Sonic Self-Control likubweretsa funso limene wogulitsa sangakufunseni: mukavala zimenezi, mwasankha kusiya kumva ndani? Mlembi wake, Mack Hagood, amaphunzitsa pa Miami University ku Ohio, m'dziko la America, ndipo bukuli linatuluka ku Duke University Press mu 2019.

Hagood wayala nkhani yake pa nthano ya Agiriki ya Orpheus. Ngalawa imene iye anakwera itayandikira ma Sirens, zilombo zimene zinkakopa amalinyero ndi nyimbo mpaka kuwaphetsa, Orpheus anaimba zeze wake mokweza kuti nyimbo yazo isamveke. Mlembiyu akuti zipangizo zambiri za masiku ano zili pa ntchito yomweyo, yogonjetsa mawu ndi mawu ena. Wayamba ndi anthu amene khutu lawo limangolira usiku ndi usana, wadzera pa timakina ta kuchipinda totulutsa mkokomo wogonetsa tulo komanso malekodi a mafunde a Irv Teibel, n'kudzathera pa mahedifoni.

Apa ndi pamene pali mnofu wa bukuli. Mu 1978, Amar Bose ali m'ndege yochokera ku Zurich kupita ku Boston, anakhumudwa kuti mkokomo wa injini ukukwirira nyimbo, ndipo anayamba kulemba masamu a njira yochotsera phokosolo m'ndege momwemo. Zinatenga zaka zoposa 20 kuti mahedifoni a QuietComfort a kampani yake ya Bose afike kwa anthu wamba mu 2000. Kagwiridwe kake ndi aka: kamaikolofoni kamatola phokoso la kunja, kenako chipangizocho chimatulutsa funde la mawu lotsutsana nalo, awiriwo n'kuphana asanalowe m'khutu. Njirayi imagwira bwino pa phokoso la besi losasinthasintha, monga la ndege, basi, jenereta kapena chigayo. Mawu a anthu ndi kulira kwa mwana zimadutsabe ndithu. Wogwira ntchito mu ofesi yodzaza ndi macheza ayenera kudziwa zimenezi asanatulutse ndalama, chifukwa kwa iye chofunika kwambiri ndi mahedifoni otseka khutu bwino.

Koma Hagood sanalembe kalozera wa ogula. Chimene akufuna tione n'chakuti mawu akuti phokoso nthawi zambiri amatanthauza anthu anzathu. Bose inkakopa anthu a bizinesi oyenda pandege, kuwalonjeza bata lawolawo pakati pa khamu. Kampani ina ya mahedifoni, Beats by Dre, inaonetsa osewera akuda monga Kevin Garnett ndi Colin Kaepernick akudutsa pakati pa anthu owanyoza, iwo atatseka makutu ndi nyimbo. Mlembiyu akuvomereza kuti mpumulo umenewu ndi weniweni. Nkhawa yake ndi yakuti vuto la tonse tikulisandutsa katundu woti aliyense adzigulire yekha. Chipongwecho chikadalipo, ofesi ikadali yosokosa, ndipo wopanda ndalama akumvabe zonse. Mfundo imeneyi ndaivomereza ndi mtima wonse.

Zofooka zilipo ziwiri. Choyamba, chilankhulo chake ndi cha kuyunivesite, ndipo magawo ena amafuna kuwerenga kawiri. Chachiwiri, zitsanzo pafupifupi zonse ndi za ku America, ndipo wofuna malangizo a tsiku ndi tsiku osamalira makutu ayenera kukawafuna kwina. Bungwe la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe kosasamala, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera mawu a madesibelo 80. Apa mahedifoni ochotsa phokoso ali ndi phindu looneka, chifukwa mkokomo wa basi ukachepa, munthu sakakamizika kukweza voliyumu. Phindu limeneli likanayenera malo aakulu m'bukuli.

Ngakhale zili choncho, Hush ndi buku loyenera kuliwerenga. Silikuuzani mtundu woti mugule, koma mukalimaliza mudzadziwa phokoso limene mukufunadi kuthawa, nthawi yovala mahedifoni, ndi nthawi yowavula kuti mumve mnzanu kapena galimoto pamsewu. Ndikulimbikitsa makamaka mabwana a m'maofesi kuti aliwerenge, chifukwa kupereka malo abata ogwirira ntchito ndi udindo wawo.