Barele, Jau ndi Mawere: Ndemanga pa Kamasuliridwe ka Mayina a Mbewu

Pa Kapondo, m'boma la Mchinji, palibe munthu amene amalima barele. Komabe aliyense amene adakulira m'tchalitchi liwuli amalidziwa, pakuti m'Buku Lopatulika, lomwe lidasindikizidwa m'chaka cha 1922, Rute akunkha m'munda wa barele, ndipo mikate isanu ya m'mutu 6 wa Yohane ndi yabarele. Titafunsa akuluakulu ena a m'deralo kuti barele n'chiyani, wina adati ndi tirigu, wina adati ndi mapira a ku Yudeya, ndipo mayi wina adangoti, "Zimenezo n'za m'Baibulo, bambo." Mwa mayankho atatuwa, ife tidakhutira ndi la mayiyo.

Zimene tikufuna kudzudzula m'pepala lino ndi mindandanda ya mawu ya mizere iwiri, Chingerezi kumanzere, Chichewa kumanja, imene timaipeza kumapeto kwa mabuku a sukulu ndi m'timapepala ta alangizi a zaulimi. Mindandanda yotere imayenda ndi chikhulupiriro chakuti liwu la kumanzere ndi lokhazikika, ndipo ntchito ya Chichewa n'kungopeza mnzake woti aime naye. Pa mayina a mbewu chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika.

Choyamba, Chingerezicho sichidakhazikike. Liwu lakuti 'corn' ku England linkatanthauza mbewu yaikulu ya m'deralo, kawirikawiri tirigu. Ku Scotland linkaimira 'oats'. Ku America limatanthauza chimanga. Mwana wa sukulu amene adaloweza kuti 'corn' ndi chimanga, akawerenga Baibulo la King James la 1611 aganiza kuti Yosefe adakundika chimanga ku Igupto, pamene mbewuyi idachoka ku America zaka zikwi zambiri Yosefe atamwalira. Nalo liwu lakuti 'barley' lili ndi mbiri yake: lidachokera ku 'bere' wa Chingerezi chakale, ndipo 'barn', nkhokwe ya Mngerezi, poyamba idali nyumba ya barele. Mbewu imene idadzaza nkhokwe ndiyo idapatsa nkhokweyo dzina.

Tiyeni tione Chiurdu, chiyankhulo cha boma ku Pakistan chomwe chimayankhulidwanso ku India. Tachisankha chifukwa eni ake amalima barele ndi tirigu pamodzi ndi mbewu zathu zomwezi, mapira ndi mchewere, kotero tingathe kuona m'mene chiyankhulo chimodzi chimagawira mayina pa zonsezo. Barele amamutcha 'jau'. Tirigu ali ndi mayina awiri, 'gandum' lochokera ku Chiperezi ndi 'gehun' la makolo a ku India komweko. Loyambalo limamveka kwambiri m'zolembedwa, lachiwirilo pamsika. Mchewere ndi 'bajra'. Mapira ndi 'jowar', ndipo akatswiri a mbiri ya ziyankhulo za ku India amalilondola liwuli mpaka ku Chisanskrit, kumene limatanthauza chinthu chooneka ngati barele. Apa pali phunziro. Anthu amene adazolowera barele, ataona mapira adawatcha 'chonga barele'. Mkulu wa pa Kapondo uja, amene adazolowera mapira, atamva za barele adamutcha 'mapira a ku Yudeya'. Onsewa adachita chimodzimodzi: adayeza chachilendo ndi muyeso wa m'nkhokwe mwawo. Mtanthauziramawu wa John Platts wa 1884, wa Chiurdu, Chihindi ndi Chingerezi, uli ndi ubwino wakuti umasonyeza kumene liwu lililonse lidachokera, choncho wowerenga amaona yekha njira zimene mawu adadzera. Mindandanda yathu ilibe malo a zimenezi.

Tinene modutsa kuti amalonda Achimwenye, amene adali ndi masitolo m'midzi mpaka boma lidawalamula kusamukira m'matauni m'zaka za m'ma 1970, sadatisiyire 'jau' kapena 'gehun'. Ambiri mwa iwo ankayankhula Chigujarati, ndiponso wogula mbewu amaitchula ndi dzina la mlimi.

Mayina obwereka amene tili nawo adalowera makomo ena. 'Tirigu' ndi 'trigo' wa Chipwitikizi, ndipo sitidabwa poona kuti kwathu kuno tirigu amalimidwa kumapiri a ku Neno ndi Tsangano, kumalire ndi Mozambique. Liwuli lidakhazikika bwino: lidalowa m'gulu la Mu-A, timati 'tirigu uyu', ndipo palibe amalimva ngati mlendo. Koma 'cevada', dzina la barele m'Chipwitikizi, silidabwere nawo, monganso 'shayiri' wa Chiswahili sadafike, chifukwa mbewuyo siidafike. 'Barele' adabwera yekha, wopanda njere, kudzera m'buku. N'chifukwa chake ngakhale kalembedwe kake sikadakhazikike. Ena amalemba 'balere'. Pakamwa pa anthu sipadalipere mokwanira liwuli. Ngakhale fakitale ya Carlsberg itatsegulidwa mu Blantyre m'chaka cha 1968, barele adalowa m'dziko muno ali m'matumba ngati chimera, ndipo womwa mowa wa m'botolo sadafunikire kudziwa dzina lake. Koma taonani kuti 'chimera' tidali nacho kale: amayi akhala akumeretsa mawere ndi mapira kuti aphikire thobwa ndi mowa. Apa Chichewa sichidasowe kanthu.

Choncho ife sitikuona vuto pa 'barele'. Ndi liwu lobwereka loona mtima, limene limavomera kuti ndi mlendo. Amene amafuna kulichotsa n'kuikapo 'mapira' kuti nkhani ya Rute imveke yakwathu akulakwitsa kawiri: akunamiza wowerenga za ku Betelehemu, ndiponso akusokoneza tanthauzo la mapira.

Vuto lenileni lili pa liwu la Chingerezi lakuti 'millet'. Liwu limodzili limameza mbewu zingapo zimene mlimi wakwathu sangazisokoneze ngakhale usiku. Mawere ndi aafupi, ngala zake zili ngati zala za dzanja lofumbata, njere zake n'zazing'ono zofiirira, ndipo amakhala zaka m'nkhokwe osafumbwa. Mchewere uli ndi ngala imodzi yaitali yonga kandulo, ndipo umapirira chilala cha ku Chikwawa ndi Nsanje. Mapira amatalika ngati chimanga ndipo amabereka kunsonga. M'Chingerezi mapira ali ndi dzina lawolawo, 'sorghum', komabe pamene bungwe la United Nations, potsatira pempho la dziko la India, lidatcha 2023 chaka cha 'millets', mapira adawerengedwa m'gulu lomwelo. Womasulira amene akutsata mzere wa kumanzere afunafuna liwu limodzi, ndipo alemba 'mapira' kapena 'mawere', lililonse limene labwera msanga. Tidaona kapepala ka malangizo kolimbikitsa alimi kubzala 'mapira' pothana ndi chilala, pamene chithunzi chake chidali cha mchewere. Mlimi wokhulupirira mawu agula mbewu ina, wokhulupirira chithunzi agula ina. Ichi sichilinso cholakwa cha galamala chabe.

Nkhaniyi imakula tikakumbukira kuti mayinawa amasuntha pakati pa ziyankhulo za Chibantu zomwe. 'Mawere' ndi liwu limodzi ndi 'amabele' wa Chizulu, koma kwa Azulu amabele ndi mapira. Mchinji ndi dziko la Achewa ndi Angoni, ndipo makolo a Angoniwo adawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 ali ndi liwuli pakamwa m'tanthauzo la kwawo. M'Chishona 'mhunga' ndi mchewere pamene 'mupunga' ndi mpunga. Wokonza mabuku oti agwire ntchito tsidya lino ndi ku Chipata komwe ayenera kufunsa osati liwu lokha, koma kuti wolitchulayo akuloza ngala iti.

Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, lidaika mtima pa kalembedwe ndi pa kuyeretsa chiyankhulo. Centre for Language Studies, yomwe idalowa m'malo mwake mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, ndipo buku lofotokoza Chichewa m'Chichewa ndiyo njira yoyenera. Ngakhale David Clement Scott, m'buku lake la Chimang'anja la 1892, adazindikira kuti liwu limafuna kulongosola, osati kungolipatsa mnzake. Chimene tikupempha n'chakuti pa mayina a mbewu mzere wa kumanzere ukhale wa Chichewa, dzina lililonse likhale ndi maonekedwe a ngala, dera limene imalimidwa, ntchito yake, ndi dzina la sayansi, Chingerezi chibwere pambuyo. Kumene 'millets' akutanthauza zonse zitatu, tilembe zonse zitatu.

Ntchitoyi ndi yamsanga. Pa Kapondo minda yadzaza chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Ana a sukulu amene tidacheza nawo adalidziwa liwu lakuti 'barele' kuchokera ku Sande sukulu; titawaonetsa ngala ya mchewere, adayang'anana, mmodzi nati ndi udzu.