Timawu ta "a" ndi "the" Poyamikira Luso

Pali chizoloŵezi chimene chafala pakati pa olemba nkhani ndi omasulira, ndipo n'choyenera kudzudzulidwa. Munthu akafuna kutamanda malemu Allan Namoko, woimba wa ku Thyolo amene anamwalira m'chaka cha 1995, amalemba kuti "He was the great musician", poganiza kuti "the" akukometsa chiganizo. Mngerezi akaŵerenga mawuŵa amadikira kuti auzidwe dera kapena nthaŵi imene woimbayo analibe mnzake, popeza "the" amaloza chinthu chodziŵika kale kapena chimene chili chokha. Chiganizo choyenera ndi "He was a great musician". Kamawu ka "a" kakuika Namoko m'gulu la akatswiri popanda kutulutsamo anzake. Wofuna kunena kuti anaposa onse alembe "the greatest", koma akhale ndi umboni wake.

Dzina lakuti "work" ndilo limapunthwitsa ambiri. Wonena kuti "I admire your work" akuyamikira ntchito yonse ya mmisiri, kuyambira pamene anayambira. Akanena kuti "a work", wasankha chinthu chimodzi, monga chithunzi kapena chosema. Tsono dzina lakuti "music" silivomereza "a" ngakhale pang'ono, chifukwa Angerezi saliŵerenga ngati mbuzi m'khola. Motero "a beautiful music" n'cholakwika. Amati "beautiful music" kapena "a beautiful song".

Vuto lachiŵiri ndi lopweteka kwambiri, chifukwa likuwononga Chicheŵa chenichenicho. M'Chingerezi chakale "a" ndi "an" anachokera ku mawu otanthauza chimodzi, pamene "the" ndi mbale wake wa "that". Omasulira ena amatengeka ndi chiyambi chimenechi nalemba kuti "Anali woimba mmodzi wamkulu". Kodi ndi mayi uti kumudzi amene angayamikire motere? Womva amaganiza kuti akuŵerenga anthu, kapenanso kuti akunena za msinkhu wa woimbayo. Mcheŵa amangoti "Anali katswiri poimba", kapena "Pa banjo anali katakwe", ndipo palibe chimene chasoŵa.

Ntchito ya "the" Chicheŵa chimaigwira ndi aloza. Mawu akuti "nyimbo ija" akukumbutsa womva nyimbo imene onse aŵiri akuidziŵa, pamene "nyimboyi" ndi imene ikumveka pa wailesi nthaŵi yomweyo. Chingerezi chimafuna "that" kapena "this" kuti chisiyanitse ziŵirizi, pakuti "the" payekha sangathe.