Ulusi Womangidwa Uku Ukuphwasulidwa

Selo loyera la m'magazi likazindikira kuti pafupi pali bakiteriya, limayamba kumulondola, chonsecho lilibe miyendo. Mbali yakutsogolo imatukumuka, imagwira pansi, kenako thupi lonse n'kutsatira. Chimene chimakankha mbali imeneyi ndi puloteni yotchedwa actin. Anaipeza ndi Brunó Straub mu 1942 ku Szeged, m'dziko la Hungary, pofufuza minofu ya akalulu. Patapita zaka zinadziwika kuti sipezeka m'minofu mokha ayi. Ili m'maselo a munthu, a chimanga, a bowa ngakhalenso a yisiti wofufumitsa buledi.

Kachidutswa kamodzi ka actin ndi unyolo wa ma amino acid 375, tizinthu timene mapuloteni onse amapangidwa nato. Unyolowo umadzipinda wokha mpaka kukhala kambulunga kokhala ndi mng'alu pakati. Mumng'alumo mumakhala ATP, kanthu kamene kamasunga mphamvu zoyendetsera ntchito za m'selo. Tizidutswati timalumikizana m'mizere iwiri yopotana n'kupanga ulusi wopyapyala kwambiri: mutagawa milimita imodzi m'magawo 1,000,000, ulusiwu ungatenge magawo 7 okha. Tonse timalumikizana titayang'ana kumodzi, motero nsonga ziwiri za ulusi sizifanana. Ina imalandira tizidutswa mwachangu, inayo mozengereza.

Luso lenileni lagona pa ATP uja. Kachidutswa kakangolowa mu ulusi, kamayamba kuthyola ATP wake kuti asanduke ADP, ndipo zikatero sikagwiranso anzake mwamphamvu. Ndiye kuti ulusi umakhala wolimba kumene wangomangidwa kumene, koma wofooka kumene unamangidwa kale. Zili ngati mzere wa zigubu pamjigo: kumbuyo anthu akuwonjezera zina, kutsogolo zodzaza zikuchotsedwa, mzere sutalika ndiponso sufupika, koma zigubu zake zasinthiratu.

Ntchitoyi ili ndi amisiri othandizira, aliyense ndi mbali yake. Cofilin amafunafuna chigawo chokalamba cha ulusi, amachigwira, amachipotokola mpaka chithyoke. Profilin amatola tizidutswa tagwato, amatithandiza kutaya ADP ndi kutenga ATP watsopano, n'kutiperekeza kunsonga yomwe ikukula. Gulu la mapuloteni 7 lotchedwa Arp2/3 limakakamira m'mbali mwa ulusi wakale n'kuphukitsa nthambi yopendekeka madigiri 70. Nthambi nazo zimaphuka zina, mpaka pansi pa khungu la selo pamadzaza nsonga zambirimbiri. M'selo chilichonse chimanjenjemera chifukwa cha kutentha. Nsonga ikangopatukana pang'ono ndi khungu, kachidutswa katsopano kamalowerera pampatapo, ndipo khungulo silingabwererenso pomwe linali. Pang'onopang'ono, selo lasuntha.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti mabakiteriya alibe zoterezi, poti ndi timaselo tating'ono topanda chipinda chosungiramo DNA. Koma mu 2001 gulu la Jeff Errington ku Oxford linaona puloteni yotchedwa MreB itandandalikana pansi pa khungu la bakiteriya wotchedwa Bacillus subtilis. Chaka chomwecho Fusinita van den Ent, Linda Amos ndi Jan Löwe ku Cambridge anaonetsa kaumbidwe kake. Ma amino acid ake ambiri ndi osiyana ndi a actin, koma kapindidwe n'komweko, ndi mng'alu womwewo wosunga ATP. MreB amapanga tiulusi tifupitifupi tomamatira kukhungu mopingasa. Mu 2011 kunadziwika kuti timayenda mozungulira thupi la bakiteriya limodzi ndi mapuloteni omanga khoma lake, kuwalozera kolowera kuti khomalo limangidwe m'mikombero. Umu ndi momwe bakiteriya wotereyu amakhalira wamtali ndi wowongoka. MreB akasokonezeka, bakiteriya amafufuma n'kukhala wobulungira.

Wogometsa kwambiri pa abale a actin ndi puloteni yotchedwa ParM. Mabakiteriya ena, monga E. coli, amanyamula kamkombero kapadera ka DNA kotchedwa plasmid, ndipo kamodzi mwa timikombero totere, kotchedwa R1, kamawathandiza kupirira mankhwala ena opha mabakiteriya. Timikombero timeneti timakhala tochepa kwambiri m'selo, choncho bakiteriya akamagawikana pawiri, mwana mmodzi akhoza kutuluka chimanjamanja. R1 amathetsa vutoli ndi zida zitatu zokha. Choyamba ndi kachigawo ka DNA kotchedwa parC. Chachiwiri ndi puloteni ya ParR, imene imamanga pakachigawoko. Chachitatu ndi ParM mwiniwake, amene ulusi wake umapotokera kumanzere pomwe wa actin umapotokera kumanja.

Ulusi wa ParM umabuka paliponse m'selo, umakula mbali zonse ziwiri, ndiye posakhalitsa umagumuka wonse mwadzidzidzi. Wina umabuka, nawo umagumuka. Kuoneka ngati kuwononga mphamvu, koma kumeneku ndiye kufufuza kwake. Ulusi umene nsonga yake yagunda ParR umagwidwa, ndipo nsongayo imatetezeka. Ukagwirana ndi unzake wochokera ku plasmid yachiwiri, pamapangika ndodo yokhala ndi plasmid uku ndi uku. Tizidutswa totsala kuchokera ku ulusi wogumuka uja timathamangira komweko, timalowa pakati pa nsonga ndi ParR, ndodo n'kumatalika. Plasmid ina imakankhidwira kumapeto kwa selo, inzake kumapeto enawo. Selo likadukana pakati, mwana aliyense watenga yake.

Apa palibe kapitawo wolamula kapena diso loona komwe plasmid ili. Ulusi wopita kolakwika umagwa wokha, wopita koyenera umatsala, ndipo zipangizo za wogwawo ndi zomwe zimatalikitsa wotsalayo. Mmisiri aliyense amafuna kuti chimene wapanga chikhalitse, koma mapuloteni awa akanamanga zokhalitsa, selo likanauma pamodzimodzi, osayenda, osagawikana. Luso lawo n'lakuti kachidutswa kalikonse kamalowa pantchito katanyamula kale nthawi yake yochokera, ndipo nthawi imeneyo ndi imene selo limagwiritsa ntchito posankha choti chikhale ndi choti chigwe.