Mboni ziwiri m'kamwala ka zircon

Ukamatsika kuchoka ku Chipata kulowera kwa Jumbe ndi ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, umasiya miyala yolimba ya kumtunda n'kulowa m'chigwa cha Luangwa, chomwe chidatitimira kalekale n'kudzala ndi mchenga ndi matope, zimene lero ndi miyala yotchedwa Karoo. Kuti ya kumtundayo ndiyo yakale, wodziwa miyala amaona ndi maso. Koma zaka zake zenizeni amazipeza bwanji?

Amene amandigometsa ine ndi mmisiri wokhala chete pa maikulosikopu. Mwala wa granite amauphwanya, kuupera, kuutsuka monga achitira ofuna golide mumtsinje, mpaka pansi patsala timiyala tolemera ta zircon, tochepa ngati njere za mchenga. Kenaka amatisankha kamodzikamodzi, ngati mayi wochotsa timiyala mu mpunga pa lichero, kungoti iye mpungawo ndiwo akutaya.

Zircon ikamaumbika imalandira uranium koma mtovu imaukana, choncho mtovu wopezeka m'katimo udabadwira momwemo. Luso lagona poti mboni zilipo ziwiri. Theka la uranium-238 limasanduka mtovu pa zaka 4.47 biliyoni, pomwe la uranium-235 limatero pa zaka 704 miliyoni. Monga pabwalo la amfumu, ziwirizi amazifunsa payokhapayokha. Zikatchula zaka zofanana, mlandu watha. Zikasemphana, ndiye kuti kamwalako kadataya mtovu pena pake, ndipo mmisiri weniweni sakakakamiza kunena zomwe iye akufuna kumva.

Ndi njira iyi, pa makina otchedwa SHRIMP, akatswiri a miyala Simon Johnson, Bert De Waele ndi mnzawo adalengeza mu 2006 kuti granite wa ku Chipata wapitirira pang'ono zaka 1 biliyoni, pomwe wina wa ku Sinda ali ndi zaka pafupifupi theka la zimenezo. Nthaka ya kum'mawa kwa Zambia ndi zigamba zosokedwa pa nthawi zosiyana.

Wofuna tungsten, chitsulo chosasungunuka mpaka kutentha kufike madigiri 3,422, amazitsata nkhanizi, pakuti nthawi zambiri chimabwera ndi madzi otentha ochokera mu granite n'kukhazikika m'mitsempha ya quartz. Ku Rwanda, komwe kuli mgodi wa Nyakabingo, granite yemwe akatswiri amati ndiye kholo la tungsten wakumeneko adamupeza ndi zaka pafupifupi 986 miliyoni.